Mbiri ya Malemu Wistin Gafà, Ometa Akanjedza Anga

Malemu achimwene anga, bambo Wistin Gafà, anabadwa pa 3 Febuluwale 1951 kuno ku Marsaxlokk, m'nyumba ya kuseri kwa tchalitchi chino. Anali oyamba kubadwa, ine Kelinu ndine chitsiriza. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi chifukwa ndinazolowera kuyankhula pagulu. Ndayankhulapo ku Melbourne, ku Toronto, ngakhale ku Tripoli, koma sindinayankhulepo za munthu wosamva ngati awa tawagoneka apawa.

Sukulu anayamba mu 1957 ndipo anaisiya mu 1963, tsiku limene aphunzitsi anawafunsa kuti akadzakula adzakhala ndani. Iwo anayankha kuti akula kale, n'kutuluka kulunjika kudoko. Bambo athu anawalandira m'boti, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unali wa nsomba ya lampuki.

Ku Melbourne ndikamafotokoza ntchito ya achimwene, anthu ankati ndikunama. Ndinkawauza kuti kwathu ku Malta munthu amadula nthambi za kanjedza, kuzimangirira ku choyandama, kulumikiza chingwe chachitali chokhala ndi chimwala kumapeto, n'kukaziponya kutali kumene mtunda suonekanso. Lampuki ikaona kamthunziko imabwera kudzausa, msodzi n'kuizinga ndi ukonde. Ankaseka. Ine ndinkati sekani, koma mkulu wanga akulera banja ndi mthunzi womwewo.

Pa 18 Juni 1977 anamanga ukwati ndi mayi Rożarja Bugeja muno momwe. Ine ndinali kale ku Australia, kumene ndinapita ndi chikwama chimodzi chokha, ndipo suti ya ukwatiwo ndinatumiza ndine. Alamu ali apa achitire umboni kuti jekete lake linathera panyanja. Mulungu anawapatsa ana awiri. Renald ali ku Toronto, pantchito imene ndinamupezera ine. Graziella wakhala akuyenda m'boti ndi bambo ake kuyambira 2003.

Mu 1998 ndinabwerera kumudzi ndi thukuta langa, n'kumanga holo ya maukwati pamtunda paja. Ambiri a inu munavinamo. Ndinaitanitsa akanjedza kuchokera ku Spain n'kuwadzala mizere iwiri, kuyambira pageti mpaka pakhomo, kuti akwatibwi azijambulitsa pamalo ooneka. Mu Ogasiti 2004, mitengo itakula bwino, ndinafika m'mawa n'kupeza achimwene ali pamwamba pa makwerero, macheka ali m'manja. Ndinati, "Achimwene, mukutani pamenepo?" Iwo anati, "Ndikukumetera mitengo, bwana wa ku Melbourne. Kodi kunjako sanakuphunzitse kuthokoza?" Loweruka lake mkwatibwi wa ku Żejtun anajambulitsa pansi pa mitengo yooneka ngati nkhuku zothothola. Mayi ake sandipatsa moni mpaka lero.

Zinakhala choncho Ogasiti aliyense. Ndinawauza kuti ndiwapezera nthambi kwina, lole yodzaza. Anati, "Ayi, ndikufuna zako. Nsomba nazo zimakonda zakunja ngati iwe." Ndinamanga mpanda, anabwera ndi makwerero awiri. Ndinagula galu wamkulu wa ku Germany, sabata isanathe galuyo anali atazolowera mitu ya nsomba, akuwagwedezera mchira mpaka pansi pa mtengo. Ndinadandaula kwa Bambo Mfumu amene analipo nthawiyo, iwo anangondifunsa ngati nthambi zina zingatsaleko za Lamulungu la kanjedza. Ndipo nyengo ikayamba, lampuki yoyamba inkafika pakhomo panga, alamu ataikazinga kale. Ndinkadya, inde. Koma ndinkadya mokwiya.

Mu Marichi chaka chino mtima unayamba kuwavuta. Ndinawatengera kwa dokotala wamkulu amene ndimadziwana naye, ndipo anawauza pamaso panga kuti panyanja basi, pamakwerero basi. Anavomera ndi mutu ngati mwana wabwino. Kenaka pa maere a chaka chino ogawira malo panyanja, unawagwera mzere wa kummwera woponyamo nthambi, umene akhala akuulakalaka kuyambira unyamata wawo. Nditangomva ndinadziwa kuti taona zina. Ndinakhoma loko watsopano pageti, Graziella anabisa makwerero onse.

Lachiwiri lapitali, pa 5 Ogasiti, anakabwereka makwerero kwa munthu wina amene ali muno. Sinditchula dzina, ndi pamaliro pano. Koma a Leli, mutuwo mwauweramitsa kokwanira, mukhoza kuudzutsa. Achimwene anakwera mpanda ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, n'kumeta mzere wonse wa kumanzere. Nditafika masana ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira mtengo woyamba wa mzere umene anali asanaukhudze, thukuta lili kamukamu. Ndinakalipa, sindibisa. Iwo anati, "Usakuwe, Kelinu. Taona mthunziwu. Ukanakhala nsomba iwe, ukanapita kuti?" Ndinawanyamula ndekha kuwaika m'galimoto yanga. Anatisiya madzulo omwewo kuchipatala, alamu atawagwira dzanja.

Tsopano tamverani, abale, chifukwa malemuwa atisiyira ntchito yosatha. Nyengo ikutsegulidwa pa 15, tsiku la Santa Marija, chikondwerero cha Amayi Maria. Miyala ndi zingwe zili kale kudoko, koma nthambi zimene anadula sizikukwanira mzere wawo wa panyanja uja. Asodzi mukudziwa kuti munthu akapatsidwa mzere n'kulephera kuponya, chaka chamawa dzina lake likhoza kusowa pa maere. Dzulo Graziella anandiuza kuti, "Bambo aang'ono, mwina tingogulitsa botilo." Boti limene bambo athu anakhoma, limene achimwene ankalipenta maso kutsogolo kwake chaka ndi chaka monga mwa mwambo wathu. Pomwe ine mawa madzulo ndili ndi ukwati kuholo, ndipo mayi a mkwatibwi andiimbira kale foni kutsimikiza kuti mzere wa kumanja uli ndi nthambi zake.

Ndaganiza ndithu, ndipo ndakwiya ndithu. Mawa m'mawa geti likhala lotsegula. Aliyense amene anadyapo lampuki ya achimwene abwere ndi macheka. A Leli, makwerero anu akudziwa kale njira. Mumete mzere wonse wa kumanjawo, mutengere nthambizo kudoko, ndipo amene muli ndi maboti muthandize Graziella kuponya. Botilo siligulitsidwa. Mayi a mkwatibwi ndikambirana nawo ndekha, ndinakumanapo ndi anthu oopsa kuposa iwo ku Tripoli, ngakhale si ambiri.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Rożarja, ana awo Renald ndi Graziella, zidzukulu zitatu, azichemwali awo awiri, ndi ine mng'ono wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza Bambo Mfumu chifukwa cha Misa, anamwino amene anayesetsa mpaka pomaliza, amayi amene akhala ndi alamu masiku onsewa, ndi asodzi amene mwanyamula bokosili pamapewa kuchokera kudoko.

Achimwene, mwapambana. Mzimu wanu uuse mumtendere, pamthunzi wabwino. Bambo Mfumu atiwerengera kuti kumene mukupitako oyera mtima aimirira atanyamula nthambi za kanjedza m'manja. Ine ndikungowachenjeza kuti azigwiritsitse.