Mbuzi Imene Sinabedwe

Moni kwa inu owerenga. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natipatsanso kampata koti tisekeko pang'ono.

Pa Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, Edness anakhala kuseri kwa thebulo lake la nthochi, kope pamiyendo, ndipo mwamuna wake Yoram, mkulu wa mpingo, anaima pambali ndi buku la Chingerezi. Mayeso a GCE anali sabata yotsatira, ndipo akalepheranso Chingerezi, Edness sakanaloledwa ku koleji ya unamwino imene wakhala akuipempherera kuyambira utsikana.

"Amake Bwezani, tamverani bwino," anatero Yoram, chala chili pa tsamba. "Liwu ili la make lili ngati njinga. Palokha ndi kupanga. Ukamangirira kaliwu kena kumbuyo, ulendo wasintha. Make off with ndi kuba chinthu n'kuthawa nacho. Lembani kuti, the thief made off with the goat."

Edness anakweza mutu. "Mbuzi ya ndani?"

"Ya aliyense."

"Ya ba Phinias? Ndiye chifukwa chake dzulo sanabwere ku kwaya?"

"Iyayi. Palibe mbuzi yabedwa."

"Nanga ndilemberenji kuti yabedwa?"

"Ndi chitsanzo chabe."

"Ndiye kuti ndi bodza."

"Si bodza, ndi ekizampo."

"Kulitchula m'Chizungu sikulisambitsa, atate ake Bwezani. Pali wakuba amene tikumunenera zimene sanachite."

"Wakubayo kulibe."

"Ndiye tikunamiziranso munthu amene sangathe kudziyankhira."

Yoram anavula chipewa, nakanda mutu, nachivalanso.

"Mtima umenewu ndi umene unakugwetsani chaka chatha. Anati lembani nkhani ya tsiku limene nyumba yanu inapsa. Inu munalemba chiyani?"

"Kuti nyumba yathu sinapse, Mulungu atamandike."

"Mzere umodzi, pepala lonse lili mbee."

"Ndinaonjezapo kuti denga ndi lamalata."

"Chabwino, mbuziyo tiisiye. Make for ndi kulunjika kwinakwake. Lembani kuti, the children made for the hot spring."

Edness anaika kope pathebulo, nayang'ana chakumunsi kumene kasupe wa madzi otentha amatulutsa nthunzi. "Ana okhaokha? Madzi aja amasupula khungu. Wamkulu akuwayang'anira ndani?"

"Khalani pansi, palibe ana."

"Lero chilichonse palibe. Mbuzi palibe, wakuba palibe, ana palibe. Kodi buku lanulo lilibe chinthu chimene chilipo?"

"Ndiye pezani chanu chimene chilipo."

Edness anasuzumira kumsewu, cholembera chili m'mwamba. "Ndilemba kuti, the bus made for Lusaka."

"Ehe. Mwakhoza. Lembani."

"Ndikudikira idutse."

Inadutsa lole ya makala. Inadutsa njinga yamoto. Kenako inabwera basi yaikulu, koma yopita ku Chipata.

"Sinthani mulembe Chipata," anatero Yoram mofulumira.

"Nanga ikakathera pa Nyimba? Sindinaone chikwangwani."

"Amake Bwezani, m'holo ya mayeso simudzadutsa basi. Mudzadikira chiyani?"

"Ndidzakhala pafupi ndi windo."

Yoram anapuma mozama ngati munthu amene akufuna kuyambitsa nyimbo. Mwadzidzidzi anatsomphola phava la nthochi pathebulo, nathamanga nalo mpaka pamtengo wa mango, mkulu wa mpingo wathunthu, jekete likuuluka kumbuyo. Anthu a m'minibasi imene inaima patsidya anatulutsa mitu m'mawindo.

"Mwaona ndi maso anu," anafuula ali wefuwefu. "Ndathawa nazo. Manje lembani, he made off with the bananas."

Edness anapukusa mutu mwachifundo. "Simunabe."

"Ndabwerekatu?"

"Paukwati anatiuza kuti ndife thupi limodzi. Zanga ndi zanu. Munthu sangadzibere yekha."

"Ndiye ndathamangira chiyani?"

"Inenso ndimafuna ndifunse. Bwezani nthochizo, zikupsa ndi dzuwa."

Yoram anabwerera pang'onopang'ono, napereka moni kwa a m'minibasi ngati palibe chachitika. Anakhala pa ndowa yovundikira, natseka buku.

"Tiyeni tilankhule za m'Malemba, poti ndi zimene mumamva. Mwana uja anachoka kwawo, nakadya pamodzi ndi nkhumba. Dzina lake ndani?"

"Sanatchule."

"Chifukwa ndi fanizo. Mwanayo kunalibe."

"Analipo. Ambuye sanganene za munthu amene kulibe. Anangomusungira ulemu."

"Chabwino. Nanga mneneri Natani? Anapita kwa mfumu Davide ndi nkhani ya wolemera amene analanda kankhosa ka wosauka. Kankhosa kaja kanalipo?"

Yoram anagogoda buku ndi chala.

"Yankhani. Kanali ndi khola kuti?"

"Kunalibe," anavomera motsitsa mawu.

"Ehe. Natani anapeka. Pa Chingerezi ndiye amati make up. He made up a story. Kodi Natani anachimwa?"

"Sanachimwe."

"Ndiye inu mukupambana Natani?"

Edness anatembenuza cholembera m'zala. "Komatu Natani sanapeke za mlendo wakutali. Anaima pamaso pa mwini nkhani, namuuza ali pompo."

"Ee, zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti kupeka n'kololedwa."

"Malinga munthuyo ali pompo."

"Ali pompo, ali kutali, zilibe kanthu. Lembani chabe."

Edness anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Kenako anawerama, nayamba kulemba. Cholembera chinathamanga osaima, iye akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tsamba linadzaza, natembenuza lina.

Yoram anakweza maso kumwamba, namwetulira. "Ambuye mwamva kulira kwanga. Tabweretsani ndione."

Anawerenga mokweza, monyadira. "My husband made off with..." Mawu anayamba kuchepa. "...the pastor's chicken."

"Ndakhoza?"

"Nkhuku ya abusa? Ine?"

"Chingerezi chili bwino kapena ayi?"

"Chili bwino, koma..." Anatsitsa chala pa mzere wachiwiri. "After church my husband made for the bar. Amake Bwezani, ine mowa sindinaulawepo chibadwire."

"Ndikudziwa. Ndi ekizampo."

"When I asked him, he made up a story." Yoram anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wamva. "He was so drunk that he could not make out the door. Iyi sindinakuphunzitseni n'komwe."

"Ndinaiwerenga ndekha dzulo. Ndi kulephera kuona bwino, si choncho? Ndimangosowa woti ndimuikepo."

"Zimenezi mukalembe pamayeso?"

"Akandifunsa nkhani ya masamba awiri, ndadziwa poyambira. Mwandimasula, atate ake Bwezani. Nkhani zikungobwera zokha."

"Kodi mukudziwa kuti ochonga mayeso ndi aphunzitsi? Ena a iwo timakumana nawo ku misonkhano ya mpingo."

"Papepala sipakhala dzina lanu."

"Mulungu akuona."

"Anaonanso Natani."

Yoram anagwira kope ndi manja awiri, ngati wina akufuna kumulanda. "Tamverani. Fufutani my husband paliponse. Bwererani kwa wakuba uja ndi mbuzi yake. Chiganizo chija chinali chabwino, chopanda vuto ndi munthu."

Edness anatenga kope lake mofatsa, nathyola nthochi imodzi yakupsa bwino, naiika m'dzanja la mwamuna wake.

"Wakuba uja sindimudziwa, sindingamunamizire," anatero akutsegula tsamba latsopano. "Inu ndimakudziwani. Mudzandikhululukira."

Mulungu wa mtendere akusungeni, owerenga anga, akupambanitseni pa mayeso alionse amene ali patsogolo panu, ndipo akupatseni m'nyumba mwanu munthu wosachedwa kukhululuka. Ameni.