Tsiku limene ndinadziyesa pa chitseko

Moni abale anga mwa Ambuye, ndi inu amene mwabisa kandudu kuseri kwa khutu, ndakuonani. Ine ndine nkhalamba ya kwa Kalembo, sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye muwerenge mwachifundo. Ndikuuzeni za matenda amene anandigwira nditasiya fodya ndi chamba.

Zinachitika nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi lachipani. Chingambwe ndinkakulunga m'makoko a chimanga, chamba ndinkakasutira kumunda. Tsiku lina mwana wanga Rozi anakana kuti ndimunyamule, akuti ababa mukununkha ngati tchire lopsa. Lamulungu lotsatira ndinagwada m'tchalitchi n'kulonjeza kuti basi.

Ndinkayesa Mulungu andipatsa mphoto. Iyayi! Sabata isanathe manja anayamba kunjenjemera mpaka khasu kumandipulumuka. Thukuta losatha, mtima kugunda ngati chigayo, ndikatsokomola makhololo akuda bii. Ndinati ichi ndi chifuwa chachikulu, chija chinatenga amalume atabwera ku Joni. Kuchipatala ndinkaopa, poti akandifunsa zimene ndinkasuta, ndipo masiku amenewo mawu ankafika kupolisi mwiniwake asanafike kunyumba.

Kwathu matabwa ankasowa, munthu akamwalira ankazula chitseko n'kukhomera bokosi. Ndiye m'mawa wina ndinazula changa, kuchiyala pabwalo, n'kugonapo kuti ndione ngati ndikwana. Mapazi anatsalira kunja. Amake Rozi anandipeza choncho.

"Bambo, kufa muzifa, koma chitseko changa mubwezeretse, mbuzi zilowa."

Ankaseka, koma misozi ili mbwee. Ndinapemphera ndili chagada: Ambuye, mukapanda kundithandiza lero, mawa ndiyatsa ndudu, mlandu ukhala wanu.

Sindinafike n'komwe pa ameni, njinga inaima. Anali Che Amadu, Msilamu woyandikana nafe, wogulitsa matemba.

"Achimwene, mwayamba kuyeserera maliro?"

Nditafotokoza, anaseka mpaka kofiya kugwa. Iwonso akuti manja anawanjenjemera chimodzimodzi atasiya fodya mwezi wosala kudya. Koma za makhololo anati zimenezo akaone a dokotala. Anatsitsa dengu, kundikhazika pakaliyala, ulendo wa ku Balaka, ine ndikununkha matemba.

Kumeneko a dokotala anayeza makhololo, ndipo nditabwereranso anati chifuwa chachikulu mulibe. "Mapapo anu akusesa mwaye wa zaka zonsezi, madala." Za chamba ndinachita kunong'ona. Iwo anangoyankha kuti, "Musayambirenso," osalemba kalikonse.

Inapita miyezi iwiri ndisanagwire khasu bwinobwino, koma ndudu sindinayatse. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mngelo wovala kofiya. Inu amene mwasiya ndipo thupi likukuopsezani, pirirani, pempherani, kuchipatalanso pitani msanga, musayambe mwazula zitseko ngati ine.

Rozi lero ali ndi zidzukulu, ndipo zimalimbirana miyendo yanga. Chitseko chija chikadalipo pakhitchini. Ndikangodandaula msana, amake Rozi amachiloza n'kunena kuti, "Khalani pansi inu, chija chinakukanani kale." Mulungu alemekezeke, ameni.