Ndege ya Nsalu ya Bambo Chimbalanga

Malemu Bambo Wickson Chimbalanga anabadwa pa 9 Meyi 1968 kufupi ndi Thondwe, m'boma la Zomba. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gomezgani Mhone, mlamu wawo. Munthuyu tinkagona chipinda chimodzi kuno ku Rawdat Al Khail, mumzinda wa Doha.

Anayamba sukulu mu 1975, ndipo atamaliza Sitandade 8 anakaphunzira ukalipentala. Pa 20 Ogasiti 1994 anakwatira achemwali anga, Mayi Olive. Ine poyamba alamuwa sindinkawafuna, ndinkati munthu wosayankhula chonchi asunga bwanji banja. Lero ndine amene ndikulira kuposa abale awo.

Kuti mumvetse chinthu chili patebulopa, ndiyambe ndi agogo awo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, bambo a mayi awo anatengedwa pa mtengatenga, kukasenza katundu wa asilikali. Atabwerako ankasimba kuti anaona ndege yamatabwa, yokutidwa ndi nsalu, ikugwetsa mabomba. Mudzi wonse unkangoseka. Ndege yamtundu wanji yovala nsalu? Anawapatsa dzina loti Ndegeyansalu, ndipo mkuluyo anamwalira akutchedwa wabodza. Mwana wawo, Mayi Nachisale, amene ndi mayi a malemuwa, alipo mpaka lero, ndipo dzina lachipongweli likuwapwetekabe.

Mu Febuluwale 2012 malemu anabwera kuno ku Doha pa kontirakiti, ndipo patapita nthawi anayamba ntchito yokonza zitseko ndi mipando pa hotela ina ku Msheireb. Mu 2015 mnzawo wa kuntchito anawaonetsa pafoni zithunzi zakale za fakitale ya ndege zankhondo za nthawi ya agogo awo. Abale inu, tsiku limenelo munthu wosayankhula uja anayankhula mpaka chakudya kuzizira. Anationetsa akalipentala atandanda, aliyense akusema timatabwa tofanana ta m'kati mwa mapiko. Anationetsa azimayi akusokerera nsalu pamapikopo, ena akupaka mankhwala oti nsaluyo ikungike ngati chikopa cha ng'oma. Anati agogo sananame, ndipo chinthu chinawaopsacho inali ntchito ya akalipentala anzawo ndi matelala.

Anaganiza zoti chithunzi cha pafoni sichingakwanire, chifukwa mayi awo maso anafooka. Ankafuna akawapatse m'manja ndege yoti aigwire, aimve nsalu yake, ndipo mudzi uone.

Kuyambira 2016 nyumba yathu inkasanduka fakitale Lachisanu lililonse, tsiku lopuma kuno. Malemu ndi amene anali bwana, ndipo bwana wake wovuta. Ife madalaivala ndi alonda tinkapala zidutswa za matabwa zotsala kuntchito. Achemwali athu a m'mahotela, motsogozedwa ndi Mayi Tusajigwe, ankasoka nsalu zakale za pabedi zimene kuntchito anawalola kutenga. Ulusi ukangopotoka pang'ono, malemu ankamasulitsa mzere wonse, kenako n'kukawagulira tiyi wopepesera. Bambo Jafali ali apowa anatenga phiko loyamba n'kukaliyanika padenga kuti liume msanga. Anaiwala kuti dzuwa la kuno si la ku Zomba. Phikolo linapindika ngati nthochi, ndipo malemu anakhala sabata yathunthu osawayankhula. Titawauza kuti tisemenso timabomba tokoloweka kunsi, anakana. Anati mayi awo akufunika kuona nsalu, zinazo zinapha kale anthu okwanira.

Mu Novembala 2017 anayamba kudwala matenda a kuthamanga kwa magazi. Pa 6 Malichi chaka chino cha 2018 anagwa ali kuntchito, mbali imodzi n'kuuma. Tikawayendera kuchipatala sankafunsa za iwo eni, ankangoloza ndi dzanja labwinolo kusonyeza phiko lakumanja limene linali lisanasokedwe. Anatisiya pa 14 Malichi, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi.

Masiku amene takhala tikudikira mapepala otumizira thupi kumudzi, Mayi Tusajigwe ndi anzawo asoka phiko lija. Anamasula okha mizere iwiri yopotoka, popanda wowauza. Bambo Jafali aliumitsa pamthunzi.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Olive, ana awiri, Innocent ndi Ndaziona, mdzukulu mmodzi, Upile, ndi mayi awo, Mayi Nachisale. M'malo mwa banja ndikuthokoza Amalawi nonse a kuno amene mwatigwira dzanja, anzawo a kuhotela, a mpingo, ndi inu nonse antchito a fakitale ya Lachisanu.

Mawa ndikuperekeza thupi lawo. Ndegeyi tiichotsa mapiko, tiikulunge bwino, ikwere ndege imodzi ndi mwini wake. Ndikafika ku Thondwe ndikailumikiza anthu onse akuona, ndipo ndikaiika pamiyendo pa Mayi Nachisale, aisisite nsalu yake. Ndikawauza kuti bambo awo sananame, ndipo mwana wawo sanaiwale.

Alamu, ntchito yanu yatha, ndipo ulusi wake ndi wowongoka. Mzimu wanu uuse mumtendere.