Woonera Wachitatu

Pamzere wa kwa wokonza makompyuta, mayi wina anacheukira bambo amene anakumbatira laputopu kumbuyo kwake.

"Yanuyo yatani, achimwene?"

"Ndikufuna andichotsere pulogalamu youlutsira magemu. Anzanga ankati nditenge yaulere, koma ine ndinasankha yolipira, yomwe imadziwitsa yokha anthu onse a m'foni mwanga ndikangoyamba kusewera."

"Bambo wandevu ngati inu, anthu azikuonerani mukuthamangitsa timagalimoto tapagalasi? Anaonera angati?"

"Atatu."

"Atatu basi? Nkhuku ikamafukula kudzala imaoneredwa ndi ambiri kuposa pamenepo."

"Awiri anali ana anga. Wachitatu anali abwana anga, omwe m'mawa womwewo ndinawauza kuti ndagona ndi malungo."

"Ndiye pulogalamuyo musaichotse, achimwene. Pakhomo panu yokhayo ndi imene inagwira ntchito tsiku limenelo."