Abusa Athu Asapite Okha

Aulutsi, ndine mayi wa ku Bwanje, mlimi wa mpunga. Abusa athu apeza malo ku yunivesite ya kunja, kukachita udokotala wa maphunziro a zaumulungu kwa zaka zinayi. Sukuluyo iwalipirira iwo okha, koma ulendo wa amayi busa ndi ana awiri uli pamutu pawo.

Pa msonkhano wa mpingo, mkulu wina anati, "Apite okha, banja lawo tilisunga ndife. Kodi makolo athu sankapita okha ku Joni?"

Ine sindiyankhula pagulu, koma ndinangozindikira ndaimirira.

"Zoona, bambo, ankapita okha," ndinatero. "Bambo anga ananyamuka ine ndili kumsana. Makalata anabwera zaka ziwiri, kenako analeka. Mayi anakalamba akutuluka panja nthawi iliyonse galimoto ikaima pamsewu. Ine bambo anga ndinawadziwira pa chithunzi."

Amayi busa anabisa nkhope m'chitenje.

Sikuti ndimawakayikira abusa, ayi. Ndiwo anakankha njinga m'matope kudzaika mwamuna wanga m'manda. Koma mwana wawo wamng'ono wangoyamba kumene kutchula "ababa".

M'mawa mwake ndinamanga thumba la mpunga panjinga n'kukatula kwa abusa kuti agulitse. Ndinapeza mkulu uja wafika kale ndi lake, akuyang'ana pansi.

Ndalama za ulendo wa banjali sizinakwanebe. Omvera anzanga, amene mwakhudzidwa tigwireni dzanja. Maphunziro awowo ine sindiwamvetsa, koma kudikira ndimakudziwa. Mwana ameneyu asadzawadziwire bambo ake pa chithunzi.