Timadontho Titatu Tomwe Tinasunga Ntchito ya Mwana Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Chiparamba. Ine ndine mayi wamasiye, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Amuna anga atamwalira, pakhomo ponse tinkayang'ana kwa mwana wanga Misozi, amene anali atangoyamba ntchito yoyeserera ku bungwe lina la alimi ku Chipata.

Abwana ake anamuuza kuti alembe pulogalamu ya pakompyuta, m'chinenero chowerengera chotchedwa R, yowonkhetsa zokolola za banja lililonse. Misozi anaikonza kuti izilandira minda itatu basi: wa chimanga, wa thonje ndi wa mtedza, monga ankalimira bambo ake. Koma mabanja salima mofanana. Wina ali ndi munda umodzi, wina wamitala ali nayo yambiri, kuphatikizapo dimba. Pulogalamuyo inkakana mabanja otere. Misozi atayesa kulumikiza nambala imodzi imodzi, kompyuta inkachedwa mpaka kuima. Abwana ake anati ikapanda kuyenda pofika msonkhano wa alimi, atenga munthu wina.

Mwanayo anabwera kumudzi maso ali psuu. Ine za makompyuta sindizidziwa, koma ndinakana kupinda manja. Ndinagwada n'kupemphera, kenako ndinakafotokoza nkhaniyi ku mphakati monga momwe ndinaimvera, lilime likupunthwa.

Tsiku limenelo panali mlendo, Mayi Tembo, amene anabwera kudzazonda mchemwali wawo. Iwo anagwirapo ntchito ya kafukufuku wa mbewu. Titatseka ndi pemphero anati, "Amake Misozi, mwanayo abwere ndi makina akewo."

Misozi atapita ndi kompyuta yake kunyumba kumene Mayi Tembo anafikira, iwo anamuonetsa timadontho titatu tolembedwa mondondozana, timene timauza pulogalamu kuti ilandire manambala onse amene abwera, kaya awiri kaya khumi. Anati, "Chimanga sitituta chitsononkho chimodzi chimodzi, mwananga. Unjika onse m'dengu limodzi, ndiye uwonkhetse kamodzi." Misozi anafufuta zambiri zimene analemba, n'kutsala ndi mizere yochepa. Atadina, mabanja onse anatuluka nthawi yomweyo, ndipo ine ndinaimba nthungululu pakhonde la eni ake.

Msonkhano utatha, anamulemba ntchito yokhazikika.

Ndikuthokoza Mulungu, mwamuna wa amasiye. Inu amene mwaferedwa, musabise vuto chifukwa choti simukulimvetsa. Linyamuleni momwemo, mukalitule pamaso pa Mulungu ndi anthu ake. Ine ndinakanena chinthu chimene sindinkachidziwa, koma Ambuye anali atakhazika kale wochidziwa pamphasa yomweyo.