Mbiri ya Bambo Flywell Ngozo, Amene Anakana Manda Akwawo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1967 ku Kawale, m'banja la a Ngozo ochokera ku Ntcheu. Mayi awo anamwalira iwo akadali kumsana, choncho anayamwa bere la mayi awo aang'ono, ndipo mdadada wonse unkawatcha mwana wathu. Sukulu anaphunzira ku Kawale komweko. Yunifolomu ankawasokera a Yaseen, telala woyandikana nafe nyumba.

Mu 1989 anayamba ntchito yowotcherera zitsulo ku Biwi. Mu 1993 anamanga banja ndi mayi Rachel a ku Dedza, ankhoswe ali amalume awo, a Grain.

Mu 2004 anapita ku Mangalande kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Atabwerako mu 2017, anamanga nyumba ku Area 47, ya mpanda wautali ndi agalu. Anatipempha kuti tileke kuwatchula a Ngozo, poti dzina lawo ndi Flywell basi. Ankati kunja anakaphunzira kuti moyo uli ndi mwini wake mmodzi, ndipo anatopa kukhala mwana wa aliyense. Sanatukwanepo munthu. Koma pamaliro ndi pazinkhoswe sankaoneka, mpaka abale analeka kugogoda pageti.

Chaka chatha anayamba kuvutika ndi impso, naletsa akazi awo kutiuza. Mlongo wawo, a Lena, anazimvera mu minibasi. Pofika kuchipatala anapeza bedi atayalula kale. Anatisiya Lolemba, pa 14 Julayi 2025.

Asanatsirizike analamula kuti aikidwe m'tauni muno, osati ku Ntcheu pambali pa mayi awo. Izi tazimva akumudzi atakumba kale manda, atafika ndi lole. Lole ija yabwerera m'mawa uno yopanda bokosi, ndipo a Grain akana kulankhula pamwambo uno. Dzenje la ku Ntcheu lija likadali kukamwa yasa, palibe amene wavomera kukwiriramo thunthu la nthochi. Akuluakulu muli pano mukudziwa chimene manda otere amayitana.

Malemu asiya mayi a kunyumba, mlongo mmodzi, ndi ana awiri, Pemphani ndi Jemima, amene atsika ndege dzulo kuchokera kunja ndipo mbiri ino akuchita kuwamasulira m'Chingerezi.

Tikuthokoza ampingo, amayi a ku Kawale amene agona pasiwa osayitanidwa, ndi anzawo a ku Biwi amene anyamula bokosi.

Mwana wathu, a Ngozo, mwagona pakati pa alendo monga munafunira. Mzimu wanu uwuse mumtendere.